Achibale a Musangu wa M'munda Mwanga

Nditakwatiwa kwa Mphuka, apongozi anga aamuna anandipatsa kamunda kamene ena onse anakakana chifukwa pakati pake panali mtengo wa musangu. Ine ndinali mphunzitsi wa sayansi wochokera ku Chipata, wopalasa njinga m'mawa uliwonse kupita ku Katondwe, ndipo ndinakalandira ndikusekera mumtima. Musangu ndi mtengo wamakani: mvula ikagwa umayoyola masamba, dzuwa likaswa mtengo m'pamene umaphuka. Chimanga cha pansi pake chimabiriwira popanda feteleza. Kamundako kanali chinthu chokhacho pamudzipo chimene ndinkachitcha changa, ndipo ndinkakakonda mopitirira muyeso.

Vuto linali njovu. Makoko a musangu akayamba kugwa m'chilimwe, njovu zimawanunkhiza zili kutali. Chaka china zinabwera kudzadya, pobwerera n'kugwetsa khola la mbuzi la apongozi. Mawa lake mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, anandiuza kuti nkhwangwa yanoledwa kale ndipo mtengowo ugwa Loweruka.

Tsono pamudzipo mpongozi salankhula ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kukagwada m'tchire, kaya pali minga kaya palibe. Amuna anga anati sangatsutsane ndi atate awo pa nkhani ya mtengo. Mtima unandipsa, koma womukalipira panalibe.

Apongoziwo anali ndi nthenda imodzi yokoma: chibale. Pamaliro paliponse ndiwo ankaitanidwa kudzalongosola kuti uyu ndi wa bele liti, uja anabadwa kwa yani. Mlendo akatsika bwato kuchokera ku Zumbo, asanamalize kupereka moni anali atamupezera kale asuweni atatu.

Lachinayi ndinayala m'lichero makoko a nyemba, a nandolo, a nshawa (ndiwo mtedza), a bwemba, ndi opiringizika aja a musangu. Ndinapempha alamu kuti akawaikire apongozi pakhonde n'kunena kuti ine ndamva zoti onsewa ndi mtundu umodzi, koma sindidziwa kuti ndani ali pafupi ndi yani. Linali bodza lamkunkhuniza, poti phunziro limenelo ndinkaphunzitsa chaka chilichonse. Ndinakakhala kuseri kwa nkhokwe, makutu ali tcheru.

"Uwauze asanamize akuluakulu," anatero apongozi. "Nshawa ndi musangu? Manje mbuzi nayo izakhala m'bale wa njovu?"

"Auzeni atsegule makoko," ndinayankha kudzera mwa alamu. "Aone m'mene njere zakhalira. Akapita kudimba akazule nyemba, akazulenso kamusangu kakang'ono, aone timibulu ta kumizu."

Ndinamva makoko akuphwanyidwa.

Lachisanu apongozi anasowa m'mawa wonse. Ndikuweruka kusukulu ndinapeza alamu atagwira m'mimba ndi phwete. Akuluwo anali atabwera ndi chipewa chodzaza makoko awoawo, a mthethe ndi a mupani, ndipo pakati pa timitengo tiwiri anapana chitedze, chija choyabwa munthu mpaka kuvula malaya pagulu. Anasesa pabwalo n'kuyamba kuyala banja, akulankhula mokweza kuti wa kuseri kwa nkhokwe amve.

"Nyemba, nandolo, nshawa, awa ndi bele limodzi. Maluwa awo niwadziwa, ofanana ngati mphuno za ana a mayi mmodzi. Chitedze nayenso akhale pamenepa."

"Atate, chitedze m'nyumba ya nyemba?" anafunsa alamu.

"Nanga malume ako ovuta aja a ku Zumbo tinawachotsa m'banja?"

Ndinaluma chitenje kuti kuseka kusamveke. Musangu anauika pamodzi ndi mthethe, ati onse ndi aminga ndipo maluwa awo ndi aubweya, asuweni a nyemba osati abale a m'mimba imodzi. Bwemba ndi mupani anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuwakhazika pambali limodzi. "Awa ndi nyumba ina, yakale," anatero. Alamu anaponyapo masau kuti awayese. Iwo anawakankha ndi phazi, ati awo ndi anansi chabe.

Mutu unandizungulira ndi chimwemwe. Buku langa la kusukulu, lolembedwa ndi anthu amene anapima zomera zimenezi m'makina kuti adziwe kholo la chilichonse, linagawa nyumba zitatuzo chimodzimodzi. Ndinafuna kudumpha n'kukawagwira chanza, koma mwambo unandigwira mwendo. Ndinangovina ndili chikhalire, nkhuku zikundiyang'ana.

Za nkhwangwa sananene kanthu, ndipo Loweruka m'mawa ndinawaona akutuluka nayo paphewa. Alamu anali kumtsinje. Ndinawatsatira chapatali, kuseka konse kwa dzulo kutandithera. Atafika pansi pa musangu anatula nkhwangwa, ine n'kugwada kuseri kwa chulu, podziwa kuti andiona kale.

Anakanda mkono pamene chitedze chinawagunda, n'kutembenukira kumtengo.

"Iwe musangu," anatero, "uwauze apongozi anga kuti khola ndilo lisamuke. Nshawa zinandilera, sindingateme msuweni wawo. Uwauzenso kuti pakhomo pano ndakhala zaka zonsezi ndikulongosola chibale ndekha, anthu akuyasamula. Munthu wokonda chibale choncho si wa ku Chipata iyayi, ndi wathu."

Mkhalapakati panalibe, ndiye ndinachita m'mene iwo anachitira. Ndinawomba m'manja.

"Musangu," ndinatero, "uwauze atate kuti ndamva."