Tepi pa Mphasa ya Wongani

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Ogasiti, titangotsekera sukulu. Ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa yunifomu pamene a hedi athu anafika kudzalankhula ndi amayi. Anati kukubwera ophunzira za uinjiniya ochokera ku yunivesite, ndipo akufuna munthu wowamasulira Chitumbuka. Ife kwathu ndi ku Dedza, koma amayi anawatumiza kudzagwira ntchito kuno ku Bolero ndili wamng'ono, choncho zilankhulo zonse ziwiri ndimazimva bwino. Vuto langa ndi pakamwa. M'kalasi yankho ndimalidziwa, koma dzanja limakana kukwera. Ndinapukusa mutu ndili kuseri komweko, koma amayi anali atavomera kale.

Gulu limene anandipatsa linali ndi achimwene Madalitso, amene anali mtsogoleri, achemwali Tadala, ndi anyamata ena awiri. Aphunzitsi awo, a Mbewe, sanawapatse funso la m'buku. Anawauza kuti alowe m'midzi, apeze vuto lenileni la anthu, alimvetse, ajambule yankho, alipange ndi zipangizo zopezeka konkuno, kenako aliyese pamaso pa eni ake. Malikisi awo anali pamenepo.

Masiku oyamba tinkangoyenda ndi kufunsa. Iwo amafunsa m'Chichewa, ine ndimatembenuza, maso ali pansi.

"Atiya, kwezani wailesi," ankatero achimwene Madalitso. "Kapena mabatire atha?"

Anthu ankadandaula za feteleza ndi mitengo ya fodya. Achemwali Tadala ankandinong'oneza kuti, "Zimenezo ndiye sitingaziwotcherere." Magulu ena anali atapeza kale zochita, ife ayi.

Tsiku lina tikupuma, ndinalankhula popanda wondifunsa. Ndinawauza za Wongani. Ndi mwana wa a NyaGondwe, mayi amene amagulitsa tomato pafupi ndi kwathu, amenenso anandiphunzitsa mawu anga oyamba a Chitumbuka. Wongani ndi wa msinkhu woyamba sukulu, koma sayenda, sakhala yekha, ndipo khosi lake limagwera cham'mbali. Mayi ake amamubereka kulikonse, kumunda, kuchigayo, kumsika. Miyendo yake tsopano imawafika m'mawondo. Akamutsitsa, amaima kaye atagwira m'chiuno, kupuma ngati akwera phiri. Amuna awo ali ku Joni, ndipo iwo amakhala pamudzi pa abale a amunawo.

Titapita kukawafunsa, a NyaGondwe anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinawauza kuti alendowa akufuna kupanga mpando wamatayala woti uziyenda m'njira zathu za miyala, wokhala ndi chotsamira mutu. Anaseka, kenako anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Yewo chomene, wana wane," anatero pothokoza.

Sabata imeneyo inali yokoma. Ndinaphunzira kuti mpando sumayamba ndi chitsulo, umayamba ndi chojambula. Ophunzirawo anaujambula pa laputopu, matayala awiri a njinga kumbuyo, laling'ono limodzi kutsogolo kuti usamakodwe. Anagula mapaipi, mabauti, siponji ndi lamba womangira pachifuwa. Anagwirizana ndi wowotcherera wina wa pamsika. Koma achimwene Madalitso anati paipi ngakhale imodzi isadulidwe tisanamuyeze mwana, chifukwa mpando ukakula amatsetsereka, ukachepa umamutupitsa zilonda.

Tinapita m'mawa, kukuwomba mphepo yozizira. Popeza Wongani sangaime kapena kukhala, tinamugoneka chagada pamphasa pakhonde. Mayi ake anamufunditsa chitenje mpaka m'khosi chifukwa cha mphepoyo. Achemwali Tadala anamuwongola miyendo pang'onopang'ono, n'kumuika manja m'mbali. Wongani amakonda kugwiridwa mutu, choncho mayi ake atamugwira, anatseka maso, ali duu. Ophunzirawo anafuna kuyamba ndi utali wa thupi lonse, chifukwa mpandowo unali woti uzitha kugonekedwa. Ine anandipatsa nsonga ya tepi kuti ndigwire pachidendene. Achimwene Madalitso anaikoka mpaka paliwombo, n'kutchula nambala mokweza monga amachitira akamayeza paipi.

Pamenepo ndinamva khasu likugwa pansi kumbuyo kwanga.

Anali ankhazi a Wongani, ndiye kuti alongo a bambo ake, amene mawu awo amalemera pamudzipo. Ankachokera kudimba. Anakuwa mawu amene sindinawamvepo kwa munthu wamkulu.

"Mwana wachali wamoyo! Mukumupimira dindi?"

"Akuti chiyani, Tiya?" anafunsa achimwene Madalitso, tepi idakali m'manja.

Sindinkafuna kuwatembenuza mawu amenewo. Koma imeneyo ndiyo inali ntchito yanga.

"Akuti mwana adakali moyo. Akufunsa ngati mukumuyezera manda."

Achimwene Madalitso anayang'ana mphasa, chitenje, manja ali m'mbali aja. Nkhope yawo inasintha. Anasiya tepi, inadzikulunga yokha ndi phokoso, Wongani n'kudzidzimuka kuyamba kulira.

"Bango," anatero motsitsa. "Kwathunso amatero. Ndaiwala bwanji ine?"

Ine sindinkadziwa. Atsikana a msinkhu wanga sitimaona zimenezo. Amayi ndi amene anandiuza pambuyo pake kuti munthu akamwalira, amuna amatenga bango n'kumuyeza ali chigonere, kuyambira kuphazi mpaka kumutu, ndipo bangolo ndi limene amapita nalo kwa okumba manda ndi kwa wokhoma bokosi. Munthu wamoyo samuyeza motero.

Anthu anayamba kusonkhana. Achemwali Tadala anagwada, n'kumandiuza kuti, "Auzeni kuti ndi mpando, Tiya, auzeni!" Ndinanena, koma mawu anga anathera mumphepo. Ankhazi sankatiyang'ananso ife. Anatembenukira kwa a NyaGondwe, amene anali atamunyamula kale mwana, n'kuwaloza chala. Anati watopa naye. Anati wakhala ukudandaula msana, lero waitana alendo kuti akufulumizire. Anati mwini wake wa mwanayu akamva ku Joni, ukayankha wekha.

"Nanga pano akuti chiyani?" anafunsa mmodzi wa anyamata aja.

Zimenezo sindinamasulire. Ndinangoti, "Tiyeni tizipita."

Mawa lake a Mbewe anabwera. Sanakalipe. Anamvetsera, kenako anafunsa kuti, "Mayi munawapempha. Nanga banja munalipempha? Munafunsa kuti mwana wa pamudzi pano amayezedwa bwanji akamamusokera malaya?"  Anapita okha ndi a hedi kukapepesa, koma ankhazi anawabweza ali panjira.

Patangopita masiku ochepa, Wongani anakomoka. Amakomoka kawirikawiri chibadwire, ndipo anatsitsimuka monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno pamudzi panali poloza. A NyaGondwe anasiya kubwera kumsika. Ndinakumana nawo kamodzi kuchigayo, mwana ali kumsana, thumba lili pamutu. Ndinawapatsa moni. Anayankha bwinobwino, mwaulemu, ngati mmene amayankhira munthu amene sakumudziwa.

Mpandowo ophunzira aja anaupangabe, chifukwa nthawi inali itatha ndipo sakanayamba china. Miyezo yotsala anaiyerekeza kuchokera pa nambala imodzi ija. Ndinaona akudula mapaipi ndi macheka, akuwotcherera, akupala m'mphepete kuti musacheke munthu, akumata siponji. Unatuluka wokongola, wabuluu. Tsiku loonetsa ntchito pabwalo la sukulu, magulu ena anabwera ndi eni ake a mavuto awo. Ife tinakhazikamo thumba la chimanga, n'kulimanga ndi lamba pachifuwa. Achimwene Madalitso analikankha kudutsa pamiyala, silinagwe. Anthu anawomba m'manja. Achemwali Tadala anapita kuseri kwa kalasi, ndinawapeza akulira.

Lero ophunzira aja anyamuka. Mpando ausiya kwathu, uli pakona m'chipinda changa, ndaufunditsa nsalu kuti usachite fumbi. Pokwera basi achimwene Madalitso sanandiseke za wailesi. Anangoti, "Zikatheka, mudzatiuze."

Ndinkaganiza kuti ntchito ya womasulira ndi kunyamula mawu kuchoka uku kupita uko osataya ngakhale amodzi. Mawu ndinawanyamula bwino. Koma tinafika pakhomo pa anthu titadziwa kale chimene tikufuna kuchita, ndipo tinapempha chilolezo kwa munthu mmodzi yekhayo amene tinkadziwa kuti avomera. Tisanakhudze mwana wa eni, tinayenera kufunsa kuti akhudzidwe motani, ndiponso pakhale ndani. Ophunzira apita ndi phunziro limeneli ku yunivesite. Wotsala ndi mlandu ndi a NyaGondwe, ndipo amene ndinatchula dzina lawo ndine.

Mawa ndipita kumudzi kuja, mpando ndiusiya. Sindiyambira kwa a NyaGondwe. Ndikapita pakhomo pa ankhazi, ndikaodira, ndikagwada, ndipo ndikawauza m'Chitumbuka, mokweza kuti amve ndi a nyumba zoyandikana, kuti amene anaitana alendo aja si mayi a Wongani. Akandibweza, ndikakhala pansi panja mpaka atandimva.