Timadontho Tinayi Pakamtengo Kamodzi

Ndikukumbukira kulira kwa mandolini ya bambo anga popanda woigwira. Inkakhala pamsomali m'nyumba mwathu ku Kawale, ndipo lole ikadutsa pamsewu khoma linkanjenjemera, nsambo zake n'kuyamba kung'ung'udza zokha chapansipansi. Agogo sankazimva. Ine ndinkasiya chilichonse n'kumvetsera mpaka zitaleka.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mayi anamwalira ndili wakhanda, bambo anawatsatira ndili Sitandade 4, ndipo tinawaika m'tauni momuno. Ndinatsala ndi agogo, mayi awo a mayi anga, amene ankagulitsa makala pakhomo. Pamaliro abale a bambo ochokera ku Thyolo anagawana zonse: wailesi, njinga, ngakhale nsapato. Mandolini inapulumuka chifukwa agogo anaikulunga m'chitenje n'kuibisa pakati pa matumba a makala.

Itakwana nthawi yomanga chiliza, kunabwera bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga. Asanamalize n'komwe kupereka moni, maso awo anali pakhoma.

"Amayi, chija tinkachifunafuna chili pano? Chimenechi n'cha kwathu, anabwera nacho ndi bambo athu kuchokera kumigodi. Sichingamadye fumbi pamene kumpingo kwathu kuli anyamata odziwa kuimba."

"Sichikudya fumbi," anatero agogo. "Mwanayu amaimba."

Linali bodza. Ndinkangoipukuta basi.

Bambo aakulu anandiyang'ana. "Ndiye zili bwino. Tsiku lovundukula chiliza adzatiimbire nyimbo ija ankaikonda bambo ake. Akalephera, ndikwera nayo basi."

Nyimboyo inali ya kutchalitchi, ndipo bambo anailemba okha papepala limene linali m'Baibulo lawo. Ife ku Sande sukulu tinkawerenga nyimbo za do, re, mi, kuchokera kumanzere kupita kumanja, liwu limodzi kenako linzake. Koma pepala la bambo linali la mizere isanu, ndipo timadontho takuda tinali tosanjikizana tinayitinayi pakamtengo kamodzi. Mayina a mizereyo bambo anandiphunzitsako akudwala, komanso pamene liwu lililonse limapezeka pakhosi pa mandolini. Zosanjikizanazo sanafike pondiuza. Ndinaganiza kuti munthu amayambira kadontho kapansi n'kumakwera, kamodzikamodzi, monga timawerengera kutchalitchi.

Ndinkachita zimenezi tsiku lililonse ndikaweruka kusukulu. Nyimbo sinkatuluka. Inkatalika, n'kusochera, osafanana ngakhale pang'ono ndi imene bambo ankaimba pakhonde. Zala zinatupa, kenako zinang'ambika. Piki ya bambo, kachinthu kolizira nsambo kaja, inasowa kuchipatala, choncho ndinadula kapulasitiki pachivindikiro cha majarini. Chakudya chinasiya kulowa. Tsiku lina ndinafika poganiza zothawa nayo mandoliniyo kupita ku Njewa, ngakhale kunalibe aliyense amene ndinkamudziwa kumeneko.

"Iwe Limbani, ukuimba kapena ukuwerenga nkhuku?" anafunsa agogo akupakira makala m'majumbo. Atandiona misozi anapukuta manja pachitenje. "Pakamwa pangapa ndi pamene pakuika m'mavuto. Pita kwa a Makwinja."

Bambo Makwinja ankakonza mawailesi mumsika wa Chilinde, ndipo kale ankaimba gitala m'maukwati limodzi ndi bambo anga. Ndinawaimbira mzere woyamba nditaima pakati pa mawaya ndi fungo la mtovu wosungunuka. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Aise, ukukwera makwerero? Ukupita kukakhoma malata?"

"Ndi mmene alembera, bambo."

"Sanalembe choncho mnzangayo, usamunamizire ali kumanda. Taona. Madonthowa akayenda chopingasa, amadikirana. Akakhala pakamtengo kamodzi, amalira limodzi, kamodzi n'kamodzi. Imeneyo ndiye khodi."

Anang'amba katoni ya sopo, n'kujambulapo mizere isanu. Anandigwira zala, china pachitsulo chachiwiri cha pakhosi pa mandolini, china pachachitatu, nsambo zikuluzikulu n'kuzisiya zosagwira. "Iyi ndi G. Usanailize, ilembe. Chimene dzanja lako lalemba, maso ako sadzachiopanso."

Ndinawerenga nsambo, n'kulemba timadontho tisanu ndi titatu.

"Eee! Wadzaza minibasi! Nsambozi zili ziwiriziwiri, sukuona? Mapasa amadyera mbale imodzi. Kadontho kamodzi pa nsambo ziwiri."

Ndinafufuta, n'kusiya tinayi. Kadontho kotsikitsitsa anandiuza kuti ndikaike pansi penipeni, kunsi kwa timizere tiwiri towonjezera, chifukwa m'mizere isanu ija sikakwanamo. Kenako anati, "Menya zonse."

Ndinamenya. Mawu amene anatuluka ndinali nditawamva komaliza bambo ali moyo. Ndinakhala pansi pathumba la mabatire akutha, ndipo a Makwinja anayamba kufunafuna sikuludiraiva imene inali m'manja mwawo.

Nyimbo yonse inali ndi makhodi atatu: G, C ndi D. Awiri oyambawo ndinawagwira. D inandikana. Inkafuna chala china kumphepete kwina kwa khosi, chinanso kumphepete kwina, ndipo ndikamafika, nyimbo inali itandisiya kale. Masiku anatha ndisanaigonjetse.

Kumanda kunali dzuwa loswa mtengo ndi kamphepo ka fumbi. Atachotsa nsalu pachiliza ndinaona dzina la bambo. Abusa atamaliza, bambo aakulu anati, "Limbani, nthawi ndi yako."

Agogo anandigwirira pepala kuti lisauluke. Analigwira chozondotsa, ine n'kulitembenuza, ndipo zala zawo zinasiyapo zidindo za makala. Ndinamenya G. Ndinamenya C. Nditafika pa D zala zinauma, nsambo zinalira ngati chitini, ndipo kapulasitiki kanga kanathyoka pakati. Mwana wina anaseka, mayi ake n'kumutsina.

Sindinadziwe chochita. Ndinabwerera pa G n'kumaimenya ndi chikhadabo, mobwerezabwereza, misozi ikugwera pathabwa. Ndinkangofuna kuti ndiigwirebe kanthawi asananditengere.

Kenako mayi wina wa kwaya anatola liwu lapamwamba n'kuyamba nyimbo. Mnzake analowa ndi lachiwiri. Amuna anapeza lawo. Pansi pa onse panamveka besi yokhuthala, yonjenjemera, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona kuti ndi bambo aakulu, maso ali pachiliza. Ndinawatsatira mpaka kumapeto, ndipo paliponse pamene panali D ndinaphonya.

Pobwerera bambo aakulu sanandilankhule. Ndinadziwa kuti ndalephera.

Lero ndimalembera makhodi achinyamata a kumpingo kwathu ku Area 23, ndipo pafupifupi aliyense amayamba ndi kukwera makwerero monga ndinachitira ine. Sindiwaseka kwambiri. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse chimene chinachitika kumanda kuja. Nyimbo sindinaiimbe ine. Ndinangoliza mawu anayi pamodzi, ndipo aliyense anamvamo lake n'kulitola. Ndikanapitiriza kuliza kamodzikamodzi, ngakhale mosaphonya, anthu aja akanangoima n'kumandionerera mwana wamasiye.

Koma m'mawa wotsatira zonsezi sindinkazidziwa. Ndinatsitsa ndekha mandolini pamsomali, n'kuikulunga m'chitenje chomwe chija, chifukwa sindinkafuna kuona munthu wina akuitsitsa. Bambo aakulu atatuluka ndi chikwama chawo ndinagwada pakhomo n'kuipereka ndi manja awiri. Agogo anali kuseri, akumenya thumba la makala mwamphamvu kuposa masiku onse.

Bambo aakulu sanailandire. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa piki yofiirira, yoperepeseka mbali imodzi pamene chala cha bambo chinkakhala.

"Anandipatsa kuchipatala pamodzi ndi zovala zake," anatero. "D yako ija ndi yoipa kwambiri, mwana wanga. Uikonze."

Anaiika pamwamba pa chitenjecho, ananyamula chikwama, n'kulowera kusiteji ya minibasi.