Galimoto Yosalira pa Msewu wa ku Masambanjati

Ndinanyamuka pa esiteti 6 koloko m'mawa, Lachinayi la mu Januwale, kunja kuli chiperoni. Kumbuyo ndinali nditapakira mbande za tiyi zopita ku kalabu ya alimi kuseri kwa Masambanjati. Galimoto yake ndi pikapu yoyendera magetsi, imodzi mwa ziwiri zimene kampani inagula chaka chatha. Ndayendetsa magalimoto a pa esiteti zaka 26, koma iyi ndiyo yoyamba imene ndimachita kuyang'ana pa dashibodi kuti ndidziwe ngati yayaka.

Mlonda wa pageti, a Nakhumwa, anali atakhala chofulatira akuwotha mbaula. Ndinaima kumbuyo kwawo kwenikweni, iwo osadziwa kanthu, mpaka ndinatsitsa galasi n'kuwapatsa moni wa m'mawa m'chilankhulo cha kwathu.

"Moseliwa, alamu?"

Anadzidzimuka, chipewa n'kugwera m'matope. "Koseliwa! Inu a Maganga, chimzukwa chanuchi chidzatipha ndi BP. Mwadzadza batire?"

"Magetsi anazima. Lili pa 61 peresenti."

"Mukafika nalo?"

"Kupita ndi kubwera kumadya 50, ngati sindikhota pena paliponse."

"Ndiye musakhote," anatero akutsegula geti.

Msewu wochoka ku fakitale umadutsa pakati pa minda ya tiyi. Amayi othyola anali atayamba kale, madengu kumsana, mapepala apulasitiki m'mapewa. Pikapu yanga yakale ya dizilo anaipatsa dzina loti Nachifuwa chifukwa inkatsokomola ikamakwera chitunda. Ankaimva ili kutali, n'kuweramuka, ena kukweza manja, ena kundikalipira kuti ndachedwa ngati ndine wotchi yawo. Tsopano ndimawadutsa kumbuyo, palibe wocheuka. M'galimotomo ndimamva madontho akugwa kuchoka m'mitengo ya bulugamu, ndimamva mbalame, ngakhale m'mimba mwanga mukalira ndimamva. Kunyamula anthu n'koletsedwa, ndipo muli kachipangizo kamene kamauza ofesi pomwe ndili. Chimwalirire mkazi wanga, kunyumba kwanga kuli zii, ndiye ndinkati kuntchito n'kumene ndizimvako phokoso. Nako anandilanda.

Pa Thyolo Boma ndinafika cha m'ma 7. Pamalo omwetsera mafuta panali mzere wa magalimoto wofika mpaka kumsika. Apa ndiye pamene chimzukwa changa chimandinyaditsa, ndinangodutsa ngati nduna. Dalaivala wina wa minibasi, maso ali psuu, anandikuwira.

"Madala, tigaireniko magetsiwo m'chigubu!"

"Bwerani ndi chigubu chosadontha!" ndinayankha.

Anzake anaseka, ine n'kupitirira. Kunena zoona, mizere imeneyi ndinkaitukwana pamene ndinkaimamo, koma m'menemo ndi momwe tinkasewera bawo, kugawana mandasi ndi kunenera mabwana athu. Ndinagula chigumu cha K500 pafupi ndi siteji n'kudyera ndekha pa chiwongolero.

Kuchoka pa Boma kulowera ku Makwasa msewu ndi wa tala koma wokhotakhota, kukwera ndi kutsika kosatha. Pa chitunda galimotoyi ilibe mlandu. Ndi katundu yense uja imangokoka, yopanda giya, yopanda utsi, msana wanganso suwawa ngati kale. Potsetsereka imabweza moto pang'ono m'batire. Koma katundu amadya, abale. Chitunda chilichonse ndinkaona manambala akutsika ngati mayunitsi a foni, ndipo pa msewu wonsewu palibe poti munthu n'kutchajira. Nachifuwa akamva ludzu ndinkakwera kabaza ndi chigubu. Iyi ikathima ndiye kuti yathima, ngakhale kuikankha sikuthandiza.

Nditadutsa Makwasa pang'ono, bambo wina wa njinga yodzaza nkhuni anakhotera pakati pa msewu osacheuka. Ndinaponda buleki, mbande kumbuyo zinagundana. Anthu a kuno timawoloka msewu ndi makutu, ndipo makutu ake anamuuza kuti kulibe kanthu.

"Bwanji osaliza injini, bambo inu?" anakalipa.

"Ilibe injini."

Anaiyang'ana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. "Ndiye muimangire belu la mbuzi," anatero, n'kukankha njinga yake.

Munthu asanafike pa Masambanjati pali mahampu atatu, ndipo kutsidya kwa mtsinje, pamwamba pa phiri laling'ono, pamaoneka nyumba ya malata ofiira. Ndi ya a Mulaviwa, amene anali makaniko wamkulu pa galaja ya esiteti yathu. Ndi amene anandiphunzitsa kugwira chiwongolero ndili wachinyamata. Kampani itaganiza zosiya kukonza mapikapu akale, a pa galaja anachepetsedwa, ndipo oyamba kupumitsidwa anali iwo, poti matenda a shuga anali atayamba kale kuwatseka maso. Nachifuwa anayendabe miyezi ingapo. Lachinayi lililonse ndikafika pa mahampu aja ndinkaponda mafuta kawiri, vuum vuum, iwo ali pampando pakhonde n'kukweza dzanja. Moni wathu unali umenewo.

Itabwera galimoto yamagetsi, ine ndi amene anandisankha kukaphunzira kuiyendetsa ku Blantyre. Kwa miyezi isanu ndinkadutsa pa mahampu aja mwakachetechete, ndikuwaona ali pampando, khutu atalozetsa kumsewu. Hutala sindinkaliza. Ndinkadziuza kuti hutala amaliza aliyense, sangadziwe kuti ndine. Zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi kuwadutsa ndili m'chinthu chimene chinawachotsetsa ntchito. Nambala ya mwana wawo ndinali nayo, koma sindinaimbepo.

Lachinayi limeneli pakhonde panalibe munthu, ndipo mpandonso panalibe.

Pa Masambanjati ndinaima 9 koloko itadutsa. Amayi ogulitsa nanazi ndi nthochi anandiona mochedwa, nthawi zonse amatero masiku ano. Mayi Esinati, amene ndimawagula nanazi kuyambira kale, anabwera pawindo ndi ziwiri za K1,500.

"Kodi a Mulaviwa ali bwanji?" ndinafunsa. "Sindinawaone pakhonde."

Anandiyang'ana ngati ndaba. "Mukufunsa ine? Lero ndi tsiku lachisanu osatuluka m'nyumba. Akuti kumsewu kulibenso choti amvere. Chakudya akungolawa. Anatuma mwana wawo Joyisi kudzatifunsa ngati munamwalira."

"Ndiye munawauza chiyani?"

"Tinati muli moyo. Iwo akuti tikuwabisira."

Ku kalabu ndinafika cha m'ma 10, batire lili pa 33. Alimi anatsitsa mbande mosangalala, kenako anayamba kutulutsa mafoni m'matumba. Kumbuyo kwa galimotoyi kuli soketi, ndipo Lachinayi lililonse mudzi wonse umatchaja pamenepo. Tcheyamani wa kalabu amabwera ndi makina ometera ndevu. Tsiku limeneli ndinakana.

"Mwayamba kuumira magetsi a kampani, adalaivala?" anatero tcheyamani, ndevu zili mbuu.

Ndinapepesa. Mumtima ndinali nditayamba kale kuwerengera. Kubwerera wopanda katundu kumafuna 22. Kuti galimoto ifike kwa a Mulaviwa nyengo ya mvula uyenera kuzungulira pa mlatho wa kumtunda, makilomita asanu ndi awiri a matope, ndiye kupita ndi kubwera mwina 10. Yotsala inali imodzi yokha, kuphatikizapo kalata yochenjeza imene ndinkadziwa kuti ikandidikira ku ofesi. Nditafika pamphambano ndinaima kanthawi ndikuyang'ana manambala aja. Ndinakumbukira mawu a mlonda oti ndisakhote, n'kukhota.

Msewu wake unali phala lokhalokha. Galimotoyi ndi yolemera chifukwa cha batire, ndiye imamira msanga, koma matayala onse anayi ankakoka bwinobwino. Ndinalowa pabwalo 12 koloko, nkhuku osathawa, galu osadzuka. Joyisi, mwana wawo wamkazi, ankasenda chinangwa kuseri kwa khitchini. Atatukula maso anagwira pakamwa.

"Ankolo! Mwatulukira kuti?"

Anandilowetsa m'nyumba. A Mulaviwa anali atagona pamphasa chofulatira khomo, ataonda moti malaya ankachita kuwakulira.

"Ndani?"

"Ndine Maganga, madala."

"Maganga anamwalira. Akanakhala moyo bwenzi ndikumumva."

"Ndimadutsa Lachinayi lililonse. Ndimakuonani pakhonde."

"Umadutsa wapansi?"

"Galimoto yatsopanoyi silira."

"Nanga iweyo? Nawenso anakuchotsa injini?"

Ndinakhala pansi pafupi ndi mphasa n'kuwauza zoona, kuti ndinkachita manyazi.

"Manyazi a chiyani? Unandichotsa ntchito ndiwe? Unanditseka maso ndiwe?" anatero. "Miyezi isanu, Maganga. Ndinkamva malole, ndinkamva njinga zamoto, ndinkawerenga mpaka dzuwa kulowa. Iwe ndiwe wopusa kwambiri."

"Ndine wopusa, madala."

"Ndidzutse. Ndikufuna ndichigwire chinthucho."

Tinawatulutsa ndi Joyisi, wina uku wina uku. Anaisisita galimoto ndi manja kuyambira ku chitseko, n'kundilamula kuti nditsegule boneti. Analowetsa dzanja kufuna injini, n'kutulutsa jekete langa ndi nanazi amene ndinagula kwa mayi Esinati, poti m'menemo ndi mosungiramo katundu. Anaseka mpaka kutsokomola, Joyisi n'kuthawira kukhitchini akupukuta maso ndi chitenje.

"Ndiyendetseko," anatero.

Lamulo ndinali nditaliphwanya kale, ndiye ndinawakweza. Tinayenda pang'onopang'ono kukafika pa tchalitchi n'kubwerera, iwo atapendeketsa mutu, chala chili m'mwamba kuti ndisalankhule.

"Bering'i ya tayala la kumbuyo, kumanzere, yayamba kulira," anatero titaima. "Ukawauze anyamata ako a makompyutawo. Nachifuwa ankabisa matenda ndi phokoso lake. Iyi ndi galimoto yabwino, Maganga, imanena yokha pomwe pakupweteka. Vuto lake silonjera anthu."

Joyisi anatipatsa chinangwa chophika ndi nyemba za kalongonda. A Mulaviwa anamaliza mbale yawo n'kuitanitsa china. Kenako anatuma mwana wawo kuti abweretse bokosi lawo la zitsulo. Anapapasa m'menemo n'kutulutsa masipanala awiri, 17 ndi 19, osalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri. Anawamanga okha ndi waya pa chitsulo cha kumbuyo kwa kabini, moti azilendewera n'kumagundana. Anawagwedeza, n'kumvetsera, n'kufupikitsa waya pang'ono.

"Awa ndimawadziwa mawu awo ngakhale pakati pa msika," anatero. "Pa mahampu usamachepetse liwiro kwambiri."

Ndinatsanzika 2 koloko itakwana. Matope anadya kuposa momwe ndinawerengera, ndipo ndinafika pa tala batire lili pa 21. Nditayandikira mahampu aja ndinatsitsa magalasi onse. Hampu yoyamba, ngwe ngwe! Yachiwiri, ngwe ngwe! Ndinayang'ana kutsidya. Mpando unali utatuluka pakhonde, ndipo dzanja linali m'mwamba. Misozi inandituluka, moti hampu yachitatu ndinaigunda osaiona.

Ulendo wotsalawo ndinauyenda ngati munthu wonyamula mazira. Ndinazimitsa wailesi ndi chilichonse choyaka, mawaipa ndinkangowayatsa ndikasiya kuona. Pa Makwasa njinga ya kabaza inandipitirira, wokwerayo n'kundibaibitsa. Pa Boma mzere wa mafuta unali pomwe ndinausiya, koma sindinawanyadirenso. Pa chitunda chomaliza cha m'minda ya tiyi pa dashibodi panayaka kachithunzi ka kamba, galimoto n'kuyamba kuyenda ngati kamba yemweyo. Amayi amene anali pa sikelo kuyezetsa masamba anamva masipanala, onse n'kucheuka. Mmodzi anakuwa kuti, "Nachifuwa wadzuka!"

Ndinalowa pa fakitale 5 koloko isanakwane, batire lili pa 2. Bwana woyang'anira magalimoto, munthu wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, anali atatsegula kale mapu pa kompyuta, njira yanga yokhota ikuoneka mofiira. Kalata yochenjeza ndinasaina osatsutsa, inali yoyamba pa zaka 26. Nditawauza za bering'i, anatuluka n'kugwira pakati pa tayala lija, n'kubweza dzanja msanga chifukwa panali potentha.

"Wakuuzani ndani zimenezi? Pa kompyuta sizikuoneka."

"Makaniko."

Anayang'ana masipanala aja akulendewera. "Nanga izi n'zachiyani?"

"N'zochenjeza anthu, bwana. Lero ndikanapha munthu wa nkhuni."

Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti zikhale.

Amene amandifunsa ngati galimoto yamagetsi ndi yabwino pa ntchito ndimawauza kuti imakoka, simwa dizilo, ndipo siwawitsa msana, koma imafuna magetsi osazimazima ndi munthu wodziwa kuwerengera njira yake. Chimene sanandiphunzitse ku Blantyre n'chakuti pa msewu wathu pali anthu amene amadziwa kuti uli moyo chifukwa choti akumva ukudutsa. Ine ndinkadandaula kuti palibe wondicheukira, osaganiza kuti kutsidya kwa mtsinje kuli munthu amene ndamusiya yekha.

Potuluka ndinakumana ndi a Nakhumwa pageti. Apa m'pamene ndinazindikira kuti polowa paja sindinaime n'komwe, ndinapeza geti lili lotsegula.

"Ndinakumvani muli ku bulugamu uko," anatero. "Koma mwachedwa, alamu. Munakhota eti?"

"Ndinakhota."