Lennah, Wodwazika Agogo a ku Slovakia

Lennah ndi wa ku Dedza, cha ku Linthipe. Ndinamudziwira kutchalitchi kuno ku Dubai, mayi wamfupi, wamakani ngati mbuzi yokana chingwe. Ine ndine Carol, ndimagulitsa nsapato ku Downtown, ndipo ndimagona ku Hor Al Anz m'chipinda cha anthu asanu. Iye ankagona pantchito pomwepo, ku Al Garhoud pafupi ndi bwalo la ndege, kwa Madam Radka, mzungu wa ku Slovakia wogwira ntchito kukampani ina ya ndege. Ntchito ya Lennah inali kusamala bambo awo a Madam, agogo Vendelin, omwe anafa ziwalo mbali imodzi.

Dziko la Slovakia sitinkalidziwa n'komwe. Lennah ndiye anatiphunzitsa, tifune tisafune, Lamlungu lililonse tikaweruka mapemphero. "Ndi Dedza yeniyeni," ankatero. Dziko lotsekeredwa pakati pa anzake ngati lathu, mapiri okhaokha, kuzizira koopsa, ndipo anthu ake sangagone osadya kachewere. Amamupala, kusakaniza ndi ufa, kuphika timibulu n'kuthirapo tchizi cha mkaka wa nkhosa. Lennah anaphunzira kuphika zimenezi, ife n'kumamuseka kuti angokwatiwa nawo agogowo basi.

Agogo sankadziwa Chingerezi. Mbiri yawo Lennah anaitola m'zithunzi zakale, zina akumumasulira Madam. Anabadwira m'mudzi wina m'munsi mwa mapiri a Tatra, nagwira ntchito zaka zambiri m'fakitale yopanga akasinja ankhondo. Chikomyunizimu chitagwa, ndipo dziko lawo litasiyana ndi a Czech mu 1993 popanda kuwomba mfuti, ntchito ija inatha. Akazi awo ndiwo anayamba kuwoloka malire kupita ku Austria kukasambitsa nkhalamba za eni, milungu iwiri uko, iwiri kunyumba. Lennah atamva izi akuti anakhala pansi. Sankadziwa kuti azungu nawonso amasiya odwala awo kukadwazika a anthu ena.

Masiku ano dzikolo limapanga magalimoto ambirimbiri, koma mafakitale ake ali kutali ndi mudzi wa agogo, ndipo achinyamata anathawamo. Akazi a agogowo atamwalira, Madam anawatengera bambo awowo kuno. Zaka zinayi anakhala pazenera akuyang'ana ndege zikunyamuka, n'kumanena mawu amodzi, "Domov." Kumeneko n'kuti kumudzi.

Lennah anali ndi chilonda chake. Mayi ake anamwalira nthawi ya korona, ndege zitaimitsidwa, ndipo maliro anawaonera pafoni, netiweki ikuduladula. Chinamupweteka mpaka lero. Choncho mumtima anali atalumbira kuti agogo awa okha adzawaperekeza mpaka kumanda. Kwathu wodwazika satsala. Ndiye amakhala pansi ndi abale n'kuwafotokozera momwe matenda anayambira, zomwe malemu anadya komaliza, mawu omwe anasiya. Lennah zonsezi anazisunga m'mutu, tsiku ndi tsiku.

Agogo anatsirizika m'mawa wina mu Juni, Lennah akuwamwetsa phala. Tsiku lotsatira anagula chitenje chakuda, nabwera kwa ine kudzabwereka jekete.

"Ukupita kuti ndi jekete kutentha konseku?" ndinamufunsa.

"Ku Slovakia, kumaliro."

"Viza uli nayo? Madam akuuza kuti mupitira limodzi?"

"Iwe Carol, zofunsa zimenezo? Ndawadwazika ndine four years. Akafotokoze ndani?"

Ndinakwiya, ndipo ndinamulalatira. Ndinamuuza kuti kuno si ku Linthipe, kuti iye ndi wantchito osati wachibale, kuti khalas, ntchito yatha, ayambe kufunafuna ina. Anangopinda jekete ija n'kutuluka. Sanawafunse Madam chifukwa kwa iye inali nkhani yodziwikiratu, ndipo Madam sanamuuze kanthu chifukwa maganizo oterowo sanawafikire n'komwe.

Patapita masiku angapo anandiimbira foni. "Carol, agogo aja awawotcha. Abwera nawo m'kamtsuko."

Ndisawanamizire Madam, si munthu woipa. Kwawo kuwotcha mtembo si chachilendo, ndipo ankafuna kukaika phulusalo pambali pa mayi awo. Anali atamupezeranso Lennah ntchito kwa mnzawo ku Downtown, poganiza kuti amuchitira zabwino. Tikiti inali imodzi. Lennah atazindikira, anangopempha kuti awaperekeze mpaka kubwalo la ndege. Linali tsiku langa lopuma, ndipo ndinamutsatira, kuopa kuti angachite zamanyazi.

M'takisi anaufukata mtsukowo pamiyendo, ataukulunga m'chitenje chakuda chija. Ulendo wake ndi waufupi. Titafika pomwe opanda tikiti amalekezera, Lennah anagwada pansi n'kuupereka kwa Madam ndi manja awiri. Kenako anayamba kuyankhula m'Chingerezi chake chothyokathyoka.

"Madam, mukafika mukawauze abale onse kuti dzanja linayamba kutupa mu Epulo. Mukawauze kuti phala anamwa masipuni atatu. Mukawauze kuti sanafe okha, ndinalipo, ndinawatseka maso ndine."

Madam anamuyang'ana, misozi ikutsika. "Ndikauze ndani, Lennah? Achimwene awo onse anamwalira. Anzawo anamwalira, ana a anzawowo ali kunja ngati ine. Nyumba zambiri kumudziko n'zotseka. Kumanda kukakhala wansembe, ine, ndi mayi wina woyandikana nafe ngati miyendo ikamulole."

"Nanga olira?"

Madam anangopukusa mutu. Anamukumbatira, nanyamula bambo awo m'kachikwama ka m'manja, n'kulowa mkati.

Lennah anatsala chigwadire. Ndinamugwira phewa kuti tizipita. M'malo modzuka anakhala pansi, natambasula miyendo, n'kuika manja kumutu. Analira mokweza, kulira kwa pamaliro kwenikweni, kuja kumamveka kutsidya la mtsinje. "Agogo ine! Mwapita nokha agogo ine!" Anthu okoka masutikesi anaima. Mlonda wina anabwera akuti, "Yalla, sister, yalla," kumuuza kuti adzuke azipita, koma Lennah sanamumve.

Ine ndinabwera kudzamuletsa zimenezi. Koma maliro n'kulirana, ndipo mtima unandiwawa kwambiri poganiza za nkhalamba yomwe inaitana kumudzi zaka zinayi, kumudziko kulibe woilandira. Ndinavula nsapato, ndinakhala pansi pambali pa Lennah, ndipo ndinamuthandiza kulira.