Ndevu za Bambo a Mwana

Mwana wanga woyamba anafa tsiku lachisanu ndi chiwiri chibadwire, ndi kafumbata. Mchombo tinadula ndi mpeni wosendera chinangwa. Nditaimanso, nkhondo ili pakati, ndinapita kuchipatala cha ku Mandimba, ndipo namwino sanandibisire mawu. Boma linalibe kanthu. Chipatala chinali makoma ndi manja ake basi.

"Kuchira ndi kwaulere, mayi," anatero, "koma mubwere ndi lezala watsopano, ali m'pepala mwake. Wogwirapo kale ntchito sindimulandira."

Amuna anga ananyamula nkhuku ziwiri n'kudutsa m'tinjira ta kumalire a Malawi, ndipo anabwerako ndi lezala mmodzi. Mmodzi yekha! Anamuika m'thumba la malaya, n'kumangapo ndi chipini.

Tsono muwadziwe amuna angawo. Anali munthu wodzikonda nkhope. Chimanga chikhoza kulowa thengo, koma chibwano ayi. Lezala wawo wakale anali atanoledwa m'tambula mpaka kutha, ndiye ndevu zinayamba kumera, zapatalipatali ngati munda wodyedwa ndi mbuzi. Ndinkaseka mpaka mwana kundimenya m'mimba.

Kuseka kunatha asilikali atayamba kugwira anthu andevu pamsewu wa ku Cuamba. Ankati wandevu ndiye kuti wachokera kutchire, kwa zigawenga. Apongozi anga anabwera ndi nzeru zawo.

"Meta kamodzi, upukute, umubwezere m'pepala. Adziwa ndani?"

"Adziwa mchombo, amayi," anayankha choncho mwana wawoyo.

Tsiku lina masana asilikali anawagwiradi amuna anga. Anawakhazika padzuwa, kuwakoka ndevuzo, kuwafunsa za anzawo a kutchire amene analibe. Anawamasula chifukwa mphunzitsi wina wodutsa anawazindikira. Anafika pakhomo diso litatupa, dzanja lili pathumba la malaya.

Apo ndinachita mantha enieni. Ndinawauza kuti amete, kuti sindikufuna kubereka mwana wamasiye. Iwo anazula udzu kudenga, anauyatsa, n'kuyamba kudziwawula chibwano ngati nkhuku ya alendo. Fungo linafika mpaka kwa aneba. Nsidze imodzi inapita nawo. Ine misozi ili mbwembwembwe, koma kuseka osakugwira.

"Mwakongola, bambo," ndinatero.

"Iwe bereka, zokongola tikambirana," anatero akudzipepesa ndi madzi.

Anadziwawula choncho sabata iliyonse kwa miyezi itatu.

Matenda anandiyamba m'mawa, ndipo dzuwa lili paliwombo ndinali pamphasa kuchipatala. Pambali panga panali mayi wina wa Chimakuwa wothawa nkhondo, wobwera chimanjamanja. Namwino anatsegula pepala, anandiyang'ana, n'kuthyola lezala pakati. Kunena zoona mtima unandiwawa. Ndinaganiza za nkhuku zathu ndi chibwano chopserera chija. Koma ndinangogwedeza mutu, ndipo michombo iwiri inadulidwa tsiku limenelo.

Amuna anga atamva anangoti, "Ndiye ndili ndi ana awiri," ngati kuti anavutika ndi iwo.

Kunyada kunali kwa pakamwa chabe. Tsiku lachisanu ndi chiwiri sanapite kumunda. Anakhala pakhomo kuyambira m'mawa, maso ali pansagwada za mwana, osadya. Mwana akangosiya bere, iwo dzidzidzi kuimirira. Dzuwa litapendeka mwana anayasamula kukamwa konse, n'kuyambanso kuyamwa. Bambo ake anazungulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinawamva akulira mokweza, kulira kumene sanalire pamaliro a woyamba uja.