Chaka Chimene Sanjika Zinaima pa Kalavati

Tsiku limenelo tinalipo ine, amayi ndi dengu lawo lothyoka mlomo, amalume, a Mwalimu a kumzikiti, ndi anyamata a boma okonza msewu. Onsewo anatisiya, ndiye musanditsutse.

Kamtsinje kathu kankakhotakhota kuseri kwa msika pa Nkhotakota pano. Mvula yoyamba ikagwa, sanjika zinkachoka m'nyanja kukwera kukaikira mazira kumabango akumtunda. Amalume ankatchera mono wawo kumeneko, mbali imodzi yokha, inayo n'kusiya njira.

Chaka chimenecho boma linawongola kamtsinjeko n'kukalowetsa m'kalavati pansi pa msewu watsopano. Anakapatsanso dzina lina: dreni. Kukamwa kwa kalavatiyo kunali pamwamba, madzi ankachita kugwa ngati akuchokera padenga. Ine mtima sunkakhala m'malo. Kukangocha, liwiro kukasuzumira, phala n'kulisiya likuzizira.

Zitabwera nsombazo, zinaima pomwepo. Kudumpha, kumenya simenti, kugwa chagada, kudumphanso. Dziwe lonse bii ndi misana! Tinatunga ndi madengu, ena ndi zitenje. A Mwalimu anakwinyira kanzu m'chiuno, chisoti chikuyandama uko. Ndikuuzeni, panalibe mwana wondiposa ine pogwira nsomba. Ukaigwira pamimba, mazira achikasu ankatuluka n'kumata m'zala, fungo lake mpaka kutsitsi.

Amalume okha sanaponde m'madzi. Anaima pamsewu n'kumangoti, "Nanga zikaswera kuti?" Ine ndinkayesa nsanje, poti mono wawo kumtunda kuja unali mbee. Mwana ukakhuta, za chaka chamawa suzidziwa. Sanjika sizinakwerenso.

Tamverani, chinthu mukachitcha dreni, anthu amatayamo nyansi. Lero muli matewera, majumbo, madzi akuda ochokera m'malesitilanti, ndipo mvula ikalimba zonsezo zimalowa m'masitolo.

Tsono posachedwapa a khonsolo anaitanitsa msonkhano wa kakonzedwe ka tauni. Mapu awowo ine sindiwerenga, koma pakamwa ndili napo. Ndinaimirira, chimkuzamawu ndinakana. Ndinati, "Umenewo si dreni, ndi mtsinje! Ubwezereni m'njira yake yakale, ndi mabango ake omwe, aliyense wokhalapo asamuke!" Holo yonse m'manja.

Pobwerera, mwana wanga wamwamuna anandikweza pa njinga yake. Anapalasa mpaka titadutsa pakalavati paja, kenako anatembenuka pang'ono.

"Ababa, mwalankhula bwino, anthu akumvani. Koma njira yakale mukunenayo, si paja pali chipinda chanu chogona?"