Ndinatembenuka, Sanandiitane

Ntchito yanga ku yunivesite inali ndi dzina lalitali la Chingerezi, koma kunena mwachidule ndinali munthu wobweretsa anthu. Dipatimenti ya zachipatala imene ndinkagwirako inkafufuza za kuthamanga kwa magazi pakati pa anthu a ku Africa ogwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba kuno kwa azungu. Madokotala anali nawo makina, mafiriji osungira magazi ndi makompyuta, koma analibe mikono yoti amangepo lamba wa bipi. Mikonoyo ndinkabweretsa ine.

Sinali ntchito yophweka. Mayi amene wakhala chiimirire shifiti yonse akutembenuza nkhalamba pabedi safuna kumva zoti pa tsiku lake lopuma akwere basi kuchokera ku Thamesmead, akwerenso sitima, kuti akabayidwe singano ndi munthu wosamudziwa. Ndiye Lamlungu ndinkapita m'matchalitchi a ku Barking, kudikira mapemphero athe, n'kuyamba malonda anga anthu akumwa tiyi.

"Magazi athuwo mukupita nawo kuti, bambo inu?"

"Mufiriji, amayi. Pafupi ndi yogati wa apulofesa."

"Musatiseweretse. Nanga ife tipindulapo chiyani?"

"Mudziwa msanga ngati mtima wanu ukuganiza zokusiyani. Ndipo ya thiransipoti akubwezerani."

"Yokhayo?"

"Ndi sangweji. Yozizira, sindikunamizani."

Ankaseka, ndipo munthu akaseka ndiye kuti wagula.

Luso limeneli sindinaliphunzire m'kalasi. Ndinakulira pa benchi ya kaunjika mumsika wa Limbe, kumene mtengo woyamba umakhala moni chabe. Wogula wodziwa amaumva, amaseka, amapukusa mutu, n'kutembenuka. Wogulitsa wodziwa amamusiya ayende pang'ono, koma asanafike pa benchi ya mnzake amakuwa kuti bwerani tikambirane. Onse awiri amadziwa kuti kutembenukako si kukana. Ndi pamene malonda amayambira. Ine ndakhalapo mbali zonse ziwiri, ndipo ngakhale kuno wogulitsa nsomba wa pamsika wa Woolwich amaudziwa bwino msana wanga kuposa nkhope yanga.

Ku dipatimentiko anthu a ntchito yokhazikika anali ochepa, apulofesa ndi ena angapo a imvi. Ena tonsefe, madokotala achinyamata, manesi a kafukufuku, ine, tinkakhalira giranti, ndalama zimene mabungwe amapereka kuti kafukufuku achitike kwa nthawi yakutiyakuti. Giranti ikatha, nawenso watha. Unkatha kudziwa kuti ya munthu ili pafupi kutha pongoona mmene akusekera nthabwala za apulofesa. Ofesi yothandiza ofufuza inkatitumizira maimelo sabata iliyonse onena za mwayi watsopano wa ndalama, ndipo inkatiitanira ku maphunziro a kalembedwe kopemphera. Tinkakhala m'chipinda chofunda, anthu ophunzira mpaka kumapeto kwa sukulu, tikuphunzitsidwa kupempha mwaulemu. Kwathu wopempha amangotambasula dzanja. Kuno amayamba wapita ku semina.

Bwana wathu anali pulofesa wamkazi, wamtali, woyankhula motsitsa mawu ngati kuti m'chipindamo muli wodwala. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri, chifukwa woipa umamutukwana mumtima n'kugona bwino. Pamene ankalemba pempho la giranti yachiwiri anandijambulitsa zithunzi ndili pakati pa amayi a ku Barking, tonse mano pamtunda. Alendo a kubungwe lopereka ndalama atabwera anandiimika patsogolo nati, "Awa ndiye mlatho wathu." Ine ndinadzimva kukoma. Sindinaganize kuti mlatho ndi chinthu chopondapo.

Giranti ija inabwera. Panali keke, panali kukumbatirana, dokotala wina mpaka analira m'khitchini. Ine ndinauza mkazi wanga kuti tsopano tipuma, lendi ya fulati yathu ku Woolwich isatisowetsenso tulo.

Patapita masiku angapo apulofesa anandiitanira mu ofesi yawo. Anandipatsa mpando, anandifunsa za ana, kenako anapinda manja pa tebulo. Anati opereka ndalama adulako zina ndi zina. Malo anga alipo ndithu, koma akhala a theka la sabata, ndipo kontirakiti yake ifika chilimwe chokha, kenako tidzaonanso.

Mukudziwa chimene ndinamva ine? Ndinamva moni. Ndinamva mtengo woyamba. M'mutu mwanga benchi inali itayalidwa kale, ndipo katundu ndinali naye ine: popanda ine amayi aja sabwera, popanda amayi aja mafiriji aja asunga yogati yekha. Ndinaseka pang'ono, kaseko kaulemu. Ndinapukusa mutu.

"Zikomo kwambiri, apulofesa. Koma pamenepo ayi, sindingathe."

"Mukutsimikiza? Mutha kukaganiza kaye."

Apo ndinadziuza kuti ayamba kufewa.

"Ndaganiza kale," ndinatero, n'kuimirira.

Kutembenuka kuli ndi kachitidwe kake. Suthamanga, chifukwa wogulitsa amafuna mpata woti ameze malovu. Sucheuka, chifukwa ukacheuka wadzigulitsa. Ndinakankhira mpando pansi pa tebulo mosamala. Ndinavala jekete, dzanja limodzi, kenako linalo. Ndinafika pachitseko, n'kuchitsegula, n'kuchisiya chosatseka kuti mawu adutse bwino. M'kolido ndinayenda ngati munthu wochira kumene. Ndinawerama kumanga nsapato yomanga kale. Ndinaima kuwerenga chikwangwani cha zoyenera kuchita moto ukabuka, chimene ndinali ndisanachiwerengepo chiyambire ntchito. Lifiti inabwera, inatseguka, inandiyang'ana, inapita yokha.

Kenako ndinamva kumbuyo kwanga chitseko chija chikutsekedwa, pang'onopang'ono, mwaulemu.

Dzuwa lisanalowe imelo inali itafika. Apulofesa ankati amva chisoni kwambiri, koma akulemekeza chisankho changa, ndipo a ofesi yoona za antchito andiuza za tsiku lomaliza.

M'dipatimentimo munali nesi wina wa ku Chipata, mzimayi wa pakamwa pakuthwa, amene ankatenga magazi a anthu anga. Ankanditchula neba, ine n'kumamuti achemwali. Anandipeza m'khitchini ndikuyang'ana foni.

"Ba neba, nimvela ati mwasiya nchito. Mwapeza kwina?"

"Sindinasiye, achemwali. Ndikukambirana."

"Mukambilana na ndani?"

Ndinamufotokozera zonse, za mtengo woyamba, za chitseko chosatseka. Anandiyang'ana, anaika kapu pansi, n'kuseka mpaka kugwira sinki.

"Imwe mudala! Muona monga muli pa salaula, pa kaunjika wanu uja? Bazungu aba sibaitana munthu. Ukakamba ati sinifuna, balemba ati safuna, basaina, bayenda ku lanchi."

"Adzandiitana. Anthu onsewa ndi anga."

"Banthu banu bali mu kompyuta kudala. Bwelelani manje manje, mukagwade."

"Ndikabwerera lero mtengo utsika. Simudziwa malonda inu a ku Zambia."

"Ise tiziba lendi," anatero, n'kutenga kapu yake.

Sindinabwerere tsiku limenelo. Ndinadziuza kuti imelo ija nayonso ndi kutembenuka, kuti apulofesa aphunzira masewerawo ndipo tikuyesana mitima. Ndinkafika ku ntchito nditavala bwino, n'kumadutsa pa ofesi yawo ndi nkhope ya munthu amene mabungwe ena akumulimbirana. Iwo ankandimwetulira mwachisoni ngati wodwala amene wakana mankhwala. Foni ikalira ndinkaisiya ilire kaye pang'ono ndisanayankhe. Ankakhala amayi a ku Barking akufunsa za sitima.

Mkazi wanga ndinamuuza Loweruka, tili pamzere wa nsomba ku Woolwich, poganiza kuti pagulu sakalipa. Iye amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo kutopa kunamuchotsera manyazi kalekale.

"Bambo a ana, mwati mwakana?"

"Sindinakane kwenikweni. Ndinatembenuka."

"Mwatembenukira ntchito? Ya penshoni? Ya pampando?"

"Inali theka chabe."

"Nanga panopa muli ndi chiyani, theka kapena chiyani? Theka lija tikanalipira nalo magetsi. Msana wanuwo tilipira nawo chiyani?"

Wogulitsa nsomba, amene samva Chichewa, anaona nkhope zathu n'kutitsitsira mtengo ndisanatsegule pakamwa.

Lolemba ndinagogoda pa ofesi ya apulofesa. Kubwerera pa benchi usanaitanidwe ndi chinthu chochititsa manyazi, aliyense wa mumsika amadziwa. Umafika utagonja kale. Ndinati ndaganizanso, theka lija ndilitenga.

Anavula magalasi. Anati akanakonda ndikanabwera msanga. Ndalama za malo anga anali atazisamutsa kale, mogwirizana ndi opereka giranti, kuti alembe dokotala wina wowerengera zotsatira pa kompyuta. Zinali zitasainidwa, ndipo kuno chosainidwa sichibwerera.

"Koma apulofesa, ine ndimayembekeza kuti mundiitana."

"Ndikuitaneni? Munanena kuti mwaganiza kale."

"Kwathu munthu akatero ndiye kuti akufuna muwonjezere."

Anandiyang'ana ngati ndawauza za matenda atsopano osangalatsa. Kenako anati ngakhale akanadziwa, analibe choti awonjezere. Theka lija silinali mtengo woyamba. Linali lomaliza, ndipo iwowo anachita kulimenyera nkhondo m'misonkhano, chifukwa opereka ndalama ankafuna kuchotseratu malowo. Ankati ntchito yopeza anthu inatha ndi giranti yoyamba. Amayi aja analembetsa kale, amabwera okha akalandira uthenga pafoni, ndipo ena amabweretsa anzawo.

Pamenepo m'pamene ndinaona bwino benchi yanga. Panalibe kanthu. Katundu yense ndinali nditapereka kale, Lamlungu ndi Lamlungu, ndi nthabwala zanga za yogati, ndipo ndinabwera kudzanenerera mtengo wogula atanyamula kale thumba. Ine, mwana wa mumsika wa Limbe. Anzanga a pa benchi akanamva akanandiseka mpaka chaka chamawa.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si kupusa kwanga kokha, chifukwa kumeneko ndimatha kukuseka. Koma zaka zonse zija anandituma kuti ndiwaphunzitse mmene anthu athu amaganizira. Ndinawauza kuti mayi wa kwathu akati ndiganiza kaye ndiye kuti wakana, akati ayi uku akuseka ndiye kuti mufunsenso. Ankalemba m'makope mwawo, ankagwedeza mitu, zina anaziika m'pempho la giranti ngati umboni woti dipatimenti imamvetsa chikhalidwe cha anthu amene ikuwafufuza. Ayi wa amayi a ku Barking ankamufunsanso kawiri katatu, chifukwa kuseri kwake kunali magazi. Ayi wanga anamulemekeza tsiku lomwelo.

Masabata otsalawo ndinawathera kukonza zinthu kuti ena asadzavutike. Ofesi yothandiza ofufuza inapitiriza kunditumizira maimelo a mwayi watsopano. Wina unali wa ndalama zothandizira madipatimenti kumanga ubale wolimba ndi anthu a m'madera. Woyenera kupempha anayenera kukhala ndi ntchito yokhazikika pa yunivesite.

Tsiku lomaliza anandikonzera kaphwando m'chipinda cha misonkhano. Keke inali ya mtundu womwe uja, wa ku shopu ya pansi. Apulofesa anaimirira ndi kapu ya pepala nati dipatimenti ikutaya munthu wosowa, munthu wodziwa kufunika kwake, amene analimba mtima kusankha njira yake. Anthu anaomba m'manja. Nesi wa ku Chipata anandigunda ndi chigongono.

"Mwamvela, ba neba? Ndimwe olimba mutima."

"Ndisiyeni, achemwali."

"Tengani keke ibili. Iyi mungakambilane."

Ndinatuluka pang'ono kupita kuchimbudzi, kuti nkhope ipumeko kumwetulira. Zitseko za m'kolido mwathu zimatsegulidwa ndi khadi. Pobwerera ndinagunditsa khadi langa, kanyali kanayaka kofiira. Ndinagunditsanso, ndinalipukuta pa malaya, kofiira. A ofesi yoona za antchito anali atalizimitsa pa nthawi yake, phwando lisanathe. Kudzera pagalasi ndinkawaona anzanga akudya keke yanga, jekete langa lili pampando.

Ndinagogoda. Amene anandimva anali dokotala watsopano uja, wolembedwa ndi ndalama za malo anga, amene anali atangoyamba sabata imeneyo ndipo anangolowa m'phwandomo chifukwa cha keke. Anatsegula chitseko pang'ono, n'kuima pakati, akumwetulira mokoma mtima.

"Pepani bambo, kuno n'kwa ogwira ntchito okha," anatero. "Mwabwera kudzayezedwa? Chipinda chake chili pansi, mukatuluka mu lifiti mukhotere kumanzere."